Machila Opanda Nyimbo

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi atsibweni anga a Zuze, ndipo ndikaifotokoza, ana a masiku ano amaganiza kuti ndikuwanamiza. Ndinalembedwa kuti ndizithamanga m'mbali mwa machila nditatsegula buku.

Nkhondo ya Jeremani inali itangotha kumene. Atsibweni anali atabwerako ali ndi moyo ku tengatenga, ntchito ija yosenzera asilikali katundu kunkhondo, ndipo ankanyamula machila pa esiteti ina ya thonje kufupi ndi kwa Lundu. Tsiku lina anafika kwathu nkuuza mayi anga kuti mzungu wamng'ono wa pa esiteti akufuna munthu wodziwa zilembo koma wamiyendo. Zilembo ndinali nditatola kusukulu ya mishoni, miyendo ndinabadwa nayo. Mayi anafunsa kuti ndi ntchito yanji yofuna ziwirizi pamodzi. Atsibweni anangoti, "Akaona yekha. Misala ya azungu ilibe poyambira."

Dzina lenileni la mzunguyo ndinaliiwala dala. Ife tinkamutcha Chete, chifukwa pa Chimang'anja chonse mawu amene anawadziwa bwino ndi amenewo. Ndikudziwa kuti ndikumutchula ngati mwana, koma ulemu wake ndinausiya pachikweza chimene nditi ndikambe. Anali wamtali, wofiira khosi, wamanja ofewa ngati papaya lakupsa. Nkhondo yonse anaithera m'sitolo ya esiteti, ati chifuwa chinkamuvuta, koma kulemba maina a anthu opita ku tengatenga chifuwacho sichinamuletse. Tsopano ankafuna kubwerera kwawo kukalowa yunivesite kuti adzakhale loya. Pakhomo pa yunivesiteyo panali mayeso a Chilatini, chinenero chimene eni ake anatha kalekale. Mapepala a mayeso anali kubwera pa sitima, ndipo iye anayenera kukalembera ku Kabula.

Chilatini ine ndilibe nacho mlandu. Ndinkachimva kwa abambo ansembe, amene ankachipemphera ataimirira ndi miyendo yawoyawo. Koma Chete ankati m'nyumba mumatentha, mutu sugwira. Nzeru zinkamulowa akagona m'machila, kamphepo kakumupita, poyendera minda.

Zida zanga zinali izi: buku la oyamba kumene, lachikuto chofiirira, dikishonale yolemera ngati njerwa imene ndinkaikoleka m'thumba pakhosi, pensulo, ndi kansanza komanga kuchala chachikulu kuti thukuta lisadetse tsamba. Ndinkathamanga kumanzere kwa machila, molunjika mutu wake. Ndikawerenga liwu loyamba pamzere, iye ankamaliza otsalawo pamtima. Akakhoza, ndinkapita pamzere wina. Akalakwa, ndinkaika kadontho ka pensulo nkubwereza liwulo. Akasowa chonena ndinkayenera kukhala duu mpaka akumbukire, ndipo tsiku limene ndinamunong'oneza yankho anandimenya ndi chipewa kumaso. Timadontho tinachuluka m'bukumo ngati ntchentche pa nsomba zoyanika. Maso ali pabuku, minga ndi zitsa ndinkaziona ndi zala zakumapazi.

Amene sanaonepo machila ayenera kumva kaye mmene amanyamulidwira. Pamakhala mtengo wansungwi wautali, pansi pake chinsalu cholimba chogonamo munthu, pamwamba kadenga ka nsalu. Anthu awiri amasenza kutsogolo, awiri kumbuyo, aliyense ndi nkhata yake paphewa, ena onse akuthamanga pambali kudikira kulandira. Sayenda ngati opita kumsika, amaponda timapazi tifupitifupi tothamanga. Akumbuyo saona pansi, chinsalu ndi kadenga zimawatchinga. Maso awo ndi nyimbo. Woyambitsa nyimbo amakhala kutsogolo, ndipo akaona mwala amauimba, akaona dzenje amaliimba, anzake nkuvomera. Posintha phewa, mtengo umadutsa pamwamba pa mitu inayi nthawi imodzi, ndipo chimene chimawauza nthawiyo ndi nyimbo yomweyo. Mmodzi akachedwa, katundu yense amamugwera yekha.

Chete analetsa nyimbo. Anati ikumusokoneza Chilatini.

Kapitawo wathu, a Fombe, anayesa kumufotokozera kudzera mwa kalaliki wa pa esiteti. Yankho linabwera loti miyendo siimba. Munthu wofuna kukaweruza milandu ya anthu analephera kumva nkhani yoti ngakhale bulu angaimve. Tinayamba kuyenda ngati operekeza maliro, kungomveka mapazi ndi mawu a Chete. Masiku oyamba amachila ankapondana zidendene, mapewa nkusupuka.

Koma munthu wantchito sasowa pogwira. Mawu ambiri m'bukumo ankabwera anayianayi, ndipo Chete ankawatchula mokoka ngati mwana wa sukulu. Atsibweni ndi amene anayamba kuponda motsatira mawuwo, anzawo nkutengera. Pasanathe mwezi gulu lonse linkayendera Chilatini, ndipo akafuna kusintha phewa, a Fombe ankamenya mtengo ndi chikhatho, onse nkusintha pa liwu lachinayi. M'chigwa zinkatheka. Vuto linali loti woyambitsa nyimbo wathu tsopano anali mbuli. Akakakamira pakati pa mzere, mapazi asanu ndi atatu ankakakamiranso. Atsibweni ankandiseka popuma kuti, "Aphunzitsi, mwana wanuyu adzakhoza liti? Mapewa atha kuno."

Iwo anali atatopa nayo ntchitoyi. Anali msodzi wobadwa, ndipo madzulo aliwonse ankaluka chavi, ukonde woponya uja, umene umafuna phewa lamanja lamphamvu kuti utambasuke bwino pamadzi. Bwato anali atasema kale. Ankati ulendo wa ku Kabula ndi womaliza, akabwerako abwerera kudambo, ndipo sadzasenzanso munthu wamoyo. Ndinkawakonda kwambiri atsibweni. Bambo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo amene anandiphunzitsa kusambira ndi kupalasa ndi atsibweniwo.

Tinanyamuka m'mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loti ngakhale mbuzi zimakana kutuluka pamthunzi. Tinaoloka Shire ku Chikwawa nkuyamba kukwera. Njira ya masiku amenewo inali yokhotakhota, yamiyala yoterereka, mbali ina phiri, mbali ina phompho. Azungu ena, ngakhale ankhanza, ankatsika pamalo oipitsitsa nkuyenda pang'ono. A Fombe anavula chipewa nkupempha zimenezo. Chete anakana. A Fombe anapemphanso kuti mwina alole nyimbo mpaka pamwamba pokha. Iye sanadzutse nkomwe mutu.

"Mayeso mawa. Chete!"

Pokwera phiri kulemera konse kumatsikira kumbuyo, choncho kumbuyo amaikako anthu odalirika. Anaikako atsibweni, kumapeto kwenikweni kwa mtengo. Ine ndinali pamalo anga, mbali ya phompho, buku m'manja, ndikuponda mwachikhulupiriro. Tinali pa tsamba la mawu osamvera malamulo, limene linali ndi timadontho tambiri kuposa lina lililonse. Ndinkawamva atsibweni akupuma movutika kumbuyo kwanga. Phewa lawo lamanzere linali litatha, ndipo anakhosomola kupempha kusintha.

Tinafika pokhota, pomwe njira inali yopapatiza. A Fombe anamenya mtengo. Ine ndinawerenga liwu loyamba la mzere wotsatira, mzere umene Chete anali asanaukhozepo chiyambire.

"Fero," ndinatero.

"Fero, ferre," anatero iye. Kenaka zii.

Akutsogolo anali atayamba kale kukweza mtengo, akumbuyo akudikira liwu. Ndinaona phazi la munthu wakutsogolo lili m'malere, losadziwa kotera. Chipewa kumaso sindinachiganizenso. Ndinakuwa kuti, "Tuli, latum!"

Chete anadzambatuka m'chinsalumo kuti andimenye. Munthu wamkulu ngati uja akadzuka mwadzidzidzi, machila amapendekeka. Mtengo unapulumuka m'manja mwa akutsogolo, mnzawo wa atsibweni anaterereka nkugwa chagada, ndipo nsungwi yonse, ndi mzungu wake yemwe, inatera paphewa lamanja la atsibweni. Ndinamva kuti thyo, ngati phesi louma. Anagwada pamwala, koma mtengo sanautaye. Anaukumbatira ndi dzanja lamanzere ndi khosi, mano ali gwa, mpaka anzawo anathamangira kudzalandira. Akanautaya, Chete akanakamalizira Chilatini chake pansi pa phompho.

Titatula machila, iye anatuluka, nadzisasa fumbi, nayang'ana uku ndi uku. Atsibweni anali gone pambali pa njira, fupa la paphewa litatukula khungu, dzanja lili lende. Chete anawadumpha ndi maso ngati chitsa, nanditembenukira ine.

"Buku lili kuti? Lang'ambika?"

Chidani ndinali ndisanachidziwe, ndinachidziwa pamenepo. Koma chimene chinakhalitsa mwa ine si chidani, ndi kunyansidwa. Ndinamuyang'ana munthu uja, miyendo iwiri yathunthu m'nsapato zachikopa, ndipo ndinaona kanthu kachabechabe.

Analamula kuti wovulalayo asiyidwe pamthunzi, adzatengedwa pobwerera, wina alowe m'malo mwake. Analowanso m'machila nkugona. Palibe anasuntha. Anakuwa, anatukwana m'chinenero chake, anatchula boma ndi chikoti. A Fombe, amene Chisena chinkawatulukira akakwiya, anangoti, "Nkhabe, bwana. Ife sitinyamula." Sanakweze mawu. Anthu awiri anagwira chinsalu mbali imodzi nkuchikweza pang'onopang'ono, mwaulemu ndithu, mpaka Chete anapezeka ataima pansi. Ine ndinavula thumba la dikishonale, ndinaikamo buku ndi pensulo, nkuliika pamwala pafupi ndi mapazi ake. Kansanza ka kuchala ndinaikanso pomwepo, poti kanali ka kampani.

Tinamanga dzanja la atsibweni pachifuwa ndi nsalu ya a Fombe, tinawagoneka m'machila, nkutembenukira kumunsi. Ine ndinatenga nkhata yawo nkulowa kutsogolo, poti potsika kulemera kumapita kumeneko. Woyambitsa nyimbo anatsegula pakamwa koyamba patapita miyezi. Anaimba mwala, tinavomera, anaimba dzenje, tinavomera, ndipo machila anayenda ngati bwato pamadzi odekha. Nditacheuka pokhota, ndinaona Chete akukwera phiri wapansi, khukhi wake ali pambuyo ndi katundu, thumba la dikishonale likumumenya m'chiuno.

Tonse anatichotsa ntchito, ndipo a Fombe anakagonako kundende ya ku boma. Za Chete ndinamva kuti anafika ku Kabula mapazi ali matuza okhaokha, nkulemba mayeso ake. Kaya anakhoza kaya analephera, sindinafunse. Ngati anakhaladi loya, ndimawamvera chisoni amene anawaimira.

Fupa la atsibweni linalumikizana mokhota. Dzanja lamanja silinakwerenso kupitirira chifuwa. Chavi chija anachimaliza kuluka, chifukwa zala zinali bwino, koma sanachiponyepo ngakhale kamodzi. Ndinkaponya ndine, iwo atakhala kumbuyo kwa bwato akundinena kuti ndimaponya ngati ndikuyanika chovala.

Pambuyo pake ndinagwira ntchito zina, mpaka ndinakhala kapitawo wa anthu osenza mabelo a thonje. Akuluakulu atsopano ankabwera, aliyense ndi chinthu chake chofuna kuletsa: uyu nyimbo, uyu mluzu, uyu kupuma pamthunzi wakutiwakuti. Ine ndinasunga lamulo limodzi. Ukapeza anthu antchito akuchita chinthu chooneka ngati chopanda pake, usachiletse usanasenze nawo, chifukwa mwina ndi chimene chagwira mtengo. Ndipo munthu wogona pamapewa a anzake asamauze mapazi awo kayendedwe.

Chaka chimene anamwalira, tili m'bwato, atsibweni anandifunsa chinthu chimene anali asanandifunsepo. Anati liwu lija mwana wanga wa sukulu analiiwala pachikweza linkatanthauza chiyani. Ndinkalidziwa, chifukwa pambali pake m'bukumo panali liwu la Chingerezi limene mwamuna aliyense wa m'chigwa chino analiphunzira ku tengatenga. Ndinawauza kuti linkatanthauza kunyamula.

Anasisita phewa lija. Kenaka anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye tisamunene, Tomasi," anatero. "Akanalidziwira kuti?"