Mmene Tinapulumutsira Galimoto ya Amalume

Ndikukumbukira bwino fungo la m'chigayo cha bambo ku Nsadzo: dizilo, gaga ndi oliyo wakuda. Ndinali ndi zaka khumi, ndipo kwa ine padziko panalibe wodziwa makina kuposa iwo. Lusoli analitola ku Zambia komwe anathawira nkhondo. Oliyo ankamuyesa ndi zala ziwiri. Akamata ngati uchi, ndiye weniweni. Akayenderera, ndiye kuti wogulitsa wathiramo parafini. Zimenezi ndinaziloweza kuposa katekisimu.

Chaka chimenecho mkulu wanga Felizarda ankakwatiwa. Amalume Domingo, alongo awo a mayi, anabwera kuchokera ku Joni ndi galimoto yofiira ya liwiro, yogwada ngati kamba, yomwe ikabangula nkhuku zinkathawira m'tchire. Analonjeza kuti Felizarda akhala mkwatibwi woyamba m'mudzi mwathu kufika kutchalitchi pagalimoto, ndipo iye anali atauza kale aliyense, ngakhale amene sanafunse. A padiri nawo, omwe ankatiyendera mwa apo ndi apo, ananeneratu kuti dzuwa likafika pamutu anyamuka, kaya ukwati wadalitsidwa kaya ayi.

Tsoka lake, galimoto ija anaipangira phula, osati misewu yathu. Itatsala pang'ono kufika, mwala unaiboola kumimba, oliyo yense n'kutayika, moti inalowa m'mudzi mochita kukankhidwa. Amalume anamata bowolo, n'kusiya chigubu cha oliyo watsopano m'chigayo kuti athire m'mawa pomatapo pakauma. Kenako anapita kukakambirana ndi akuchimuna, pakuti ndiwo anali ankhoswe.

Ine ndi chidwi changa ndinatsegula chigubucho n'kuviikamo zala. Ndinamva chisoni. Oliyoyo anali wotuwa ngati tiyi wa alendo ambiri, ndipo ankayenderera ngati madzi. Ndinathamangira kwa bambo.

"Ababa, amalume awapusitsa."

Bambo anayesa ndi zala zawo, ananunkhiza, n'kupukusa mutu. "Kukhala ku Joni si kudziwa makina," anatero. "Koma usakawauze. Mlamu sindingamuchititse manyazi pakhomo panga."

M'mawa mwake, amalume akuimba kubafa, tinayamba ntchito yathu yachifundo. Tinatunga oliyo wa mumgolo, yemwe anali atagwirapo kale ntchito m'chigayo. Ndinamusefa ndekha ndi chitenje chakale cha mayi, ndipo ankatsika mwaulemu, wakuda bii. Wa amalume uja bambo sanamutaye. Anati ngakhale wamadzimadzi ali ndi ntchito, n'kudonthezera pa tcheni ndi m'magudumu a njinga yawo.

Amalume atatuluka atavala suti, bambo anati, "Alamu, ndathira kale. Musadetse manja lero." Amalume anathokoza mpaka kuwomba m'manja. Ine ndinadzimva ngati mngelo.

Tinanyamuka bwino, amayi akululutira, ine nditakhala kumbuyo nditagwirizira nsalu yoyera ya mkwatibwi. Titangodutsa dambo, galimoto inayamba kutsokomola. Utsi unaphimba anthu omwe ankatitsatira akuimba, nyimbo n'kusanduka chifuwa. Kanyali kofiira kanayaka kutsogolo, amalume n'kuzimitsa injini msangamsanga. Anasolola kachitsulo koyezera oliyo, n'kukayang'ana nthawi yaitali. Bambo anatipeza pa njinga.

"Alamu, mwathiramo chiyani?" anafunsa amalume.

"Oliyo weniweni, alamu. Wanu uja anali madzi."

Amalume anakhala pansi pafumbi, suti ili m'thupi. Analankhula motsitsa mawu kuti injini ya liwiro ili ndi timitsempha tating'ono, imafuna oliyo wopepuka wa nambala yake, wothamanga msanga. "Mwadyetsa khanda chimanga chokazinga," anatero. Anakanitsitsa kuilizanso mpaka ataitsuka.

Felizarda anayamba kulira, ndipo chithunzithunzi chathu pansi chinali chitafupika kale. Apo m'pamene mantha anandigwira, pozindikira kuti mkulu wanga akhoza kugona wosakwatiwa chifukwa cha zala zanga. Bambo sanatsutsane ndi munthu. Anamukweza Felizarda pa kaliyala, anamukulungira nsalu ija pamiyendo, n'kupalasa. Njinga imeneyo inkalira mwakuti anthu ankadziwa kuti bambo akubwera asanawaone, koma tsiku limenelo inauluka mwakachetechete. Anapeza a padiri akumangirira chikwama pa njinga yawo yamoto, ndipo ukwati unadalitsidwa mkwatibwi ali ndi fumbi m'nsidze.

Lero ndili ndi kasitolo ka oliyo ku Cassacatiza, pamalire ndi Zambia. Munthu akaimitsa galimoto ndimayamba ndafunsa buku lake, tione nambala yomwe opanga analemba. Zala ndimawerengera chenji basi. Felizarda ali ndi zidzukulu, koma sanandikhululukire kwenikweni. Bambo okha sanagonje mpaka tsiku lomwe anatisiya. Nkhaniyi ikabuka ankangoti, "Oliyo wa alamu anali wabwino ndithu. Kungoti iwo sankadziwa kuti ndi wa njinga."