Kambuzi wa kuseri kwa bafa

Apongozi anga aakazi anatha zaka khumi ndi zisanu akubwera kwathu ku Balaka osalawa kanthu kochokera m'poto mwanga. Sankakana mwachipongwe. Ukawapatsa chakudya ankamwetulira n'kunena kuti adya kale m'njira, kenako n'kumasula kachitenje, kutulutsa chinangwa chophika cha kwawo ku Ntaja, n'kumadya pakhonde ngati munthu wodikira minibasi. Tiyi ankamwa, koma m'kapu yawoyawo yomwe ankayenda nayo m'chikwama.

Chifukwa chake ndinkachidziwa ngakhale panalibe wochitchula. Ine ndine wa ku Utale, Mkatolika, ndipo kwathu timaweta nkhumba. Sukulu ndinaphunzira ndi khola limenelo. Iwo anali Msilamu wosaphonya swala. Mwana wawo atandikwatira ndinalonjeza kuti nyama ya nkhumba sidzalowa m'nyumba mwathu, ndipo sinalowemo. Koma kwa mayi akewo mapoto anga anali obadwira m'khola basi. Ndikadandaula, amuna anga ankangoti, "Asiyeni, ndi akuluakulu." Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, choncho ndinazolowera. Koma zinkandiwawa, makamaka ana akafunsa chifukwa chake agogo sadya zophika amayi.

Chinthu chimodzi chokha cha pakhomo panga ankachilandira: tsabola. Kuseri kwa bafa, pomwe madzi osamba amayenderera, ndinali ndi mitengo isanu ndi umodzi ya kambuzi. Ku Balaka dzuwa silichita nthabwala, tsabola wa anzanga ankauma ikafika Okutobala, koma wanga ankabereka chaka chonse, wonenepa, fungo lake lomveka uli pamsewu. Apongozi akamatsanzika ankazungulira okha kuseriko, kuthyola wodzaza manja awiri, n'kumanga pansonga ya chitenje. Kuyamikira ayi. Ine ndinkasuzumira pawindo n'kumadziuza kuti nako n'kudya komwe.

Chaka chomwe mwana wathu woyamba anasankhidwa kupita kusekondale tinakonza phwando, ndipo ndinaganiza zotseka mipata yonse yothawira. Ndinagula mapoto atsopano, mbale, mpeni ndi waya wowotcherapo nyama, ndipo timapepala ta kusitolo sindinatimatule dala kuti adzatione. Mbuzi anazinga ndi amwalimu a mzikiti wa pafupi nafe, apongozi atafika kale, ali chiimire pambali. Nyama ndinainyika m'mandimu, adyo, mchere ndi kambuzi wosinja. Chigumu ndinapanga cha nthochi zakupsa mpaka kuda makoko, ufa wa mgaiwa ndi soda pang'ono, makala ochepa pansi pa poto, ambiri pachivindikiro. Chinatuluka chofiirira bwino, chosapserera, moti ndinachiika pamwamba pa kabati kuti amuna anga asachiyambe.

Tinayala mikeka pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Ine ndinali pambaula, kutembenuza nyama yomwe sinkafunikanso kutembenuza, diso lili kwa munthu mmodzi. Anasamba m'manja. Anayang'ana mbale, kuitembenuza, kuona kapepala kaja. Kenako ndinamva "Bisimila" wapansipansi, ndipo nthuli inalowa m'kamwa. Inatsatira yachiwiri, yachitatu.

"Apongozi," anandiitana, "tsabola wanuyu mumam'thira chiyani? Wanga ku Ntaja amangoyoyoka maluwa."

Kanali koyamba kuti andifunse kanthu ka ntchito ya manja anga. Mutu unakula, pakamwa panatseguka pokha.

"Manyowa a nkhumba, amayi. Achimwene amanditumizira thumba chaka chilichonse kuchokera ku Utale. Palibe manyowa oposa amenewo."

Amuna anga anayamba kuyang'ana mango osapsa m'mwamba ngati akuwaona koyamba. Kwathu manyowa ndi manyowa, umatapa m'khola lomwe lili pafupi n'kukathira kudimba, ndipo m'zaka zonsezo sizinandibwerere m'mutu kuti khola lija ndinalisamutsira kuseri kwa bafa langa. Mapoto ndinasintha, mpeni ndinasintha, koma nthaka ndinaiiwala.

Amwalimu anayesa kundiwombola. "Amayi, chomera chilibe mlandu. Idyani ndithu, si haramu."

"Iyayi, amwalimu," anatero apongozi, "zimenezo n'za m'mabuku mwanu. Ine ndikunena za pakhosi panga."

Anapempha madzi n'kusamba m'manja nthawi yaitali. Sanakalipe. Ndikuganiza kuti ankawerenga m'mutu ndiwo zonse za zaka khumi ndi zisanu zomwe anathiramo tsabola wanga. Chigumu sanachikhudze. Pochoka anadutsa kumaso kwa nyumba, kuseri sanazungulireko.

Ndinapsa mtima, poyamba ndi pakamwa panga, kenako ndi iwo. Tsabolayo sindinazule, ndinkamuthirira mwamakani, ndipo iye ankangobereka ngati akundiseka. Inatha miyezi inayi osawaona apongozi. Kale ankabwera osadya, tsopano anasiyiratu kubwera, ndipo ana ankawaona agogo awo pokhapokha bambo awo akawatengera ku Ntaja.

Mvula itayandikira, bambo wina wogulitsa mpunga wa ku Ntaja anatsitsa thumba pakhomo pathu. Ndinayesa ndi mpunga. Nditamasula ndinapeza ndowe za mbuzi zouma, pamwamba pake kapepala kopindapinda kokhala ndi njere za tsabola.

"Akuti mubzale pena, osati pomwe paja," anatero bamboyo. Uthenga wonse unali womwewo.

Ndinauza amuna anga kuti mayi awo ayamba kulamulira ndi dothi langa lomwe. Iwo anangoti, "Mbuzi zawo ndi zitatu zokha. Thumba limeneli akhala akusesera kuyambira tsiku lija." Mawa lake ndinazula mitengo isanu ndi umodzi ija n'kupatsa mayi woyandikana nafe, amene anailandira ngati wapatsidwa ng'ombe. Njere zija ndinafesa m'beseni lobooka, zitamera ndinaziwokera kumaso kwa nyumba, kutali ndi bafa, komwe madzi ake ndinkachita kusenza.

Ndinene chilungamo: manyowa a mbuzi sapambana a nkhumba, ndipo mpaka lero palibe angandisinthe maganizo. Mitengo yatsopanoyo inali yaifupi, tsabola wake wocheperapo. Koma anabereka.

Apongozi anabwera tsabolayo atapsa, tsiku wamba, osatumiza mawu. Kunalibe mbuzi, kunalibe chigumu. Ndinali nditaphika mpunga ndi matemba a ku Chiuta m'poto wanga wakale wopindika m'mlomo, chifukwa atsopano aja ndinawasunga m'katoni chifukwa cha mkwiyo. Asanalowe anaima pamitengo ija, kugwada, kufukula dothi ndi chala, kulinunkhiza. Anathyola atatu, n'kudzandipatsa m'manja.

"Sinjani," anatero.

Ndinasinja. Ndinawayalira mkeka pakhonde n'kuika chakudya, ndikudikira kuti kachitenje ka chinangwa kamasulidwe. Sikanamasulidwe, chifukwa sanabwere nako. Poto wopindika uja anamuona bwinobwino ali pambaula. Anasamba m'manja, ananena Bisimila wawo, anadya. Atafika pakati anakweza mutu.

"Mchere wachepa. Kodi kwanu ku Utale mchere amaumira?"

Mlendo sanena za mchere. Amanena ndi mayi kwa mwana wake, ndipo ine ndinali nditadikira zaka zonsezi kuti andinyoze chonchi.

"Ndikatenge, amayi," ndinatero.

Mchere unali pashelefu pomwepo pafupi ndi chitseko, koma ndinachedwa nawo. Ndinalira kaye, kenako ndinapukuta nkhope ndi chitenje n'kutuluka.

"Mumachita kukagula?" anandifunsa, dzanja atatambasula kale.