Mitengo ya Chinangwa Imene Ndinagawa M'basi

Sunthirani kuno nonse, musiye kaye kusisita mafoniwo, poti nkhani yake ndi ya foni yomweyo. Ine pensulo sindinaigwirepo. Akulemba ndi mpongozi wanga, ndipo akapotoza mawu anga mudzanditsine khutu.

Pamene ndinkachoka kwathu ku Nkhata Bay kudzakhala pabanja ku Mzuzu kuno, amayi anga sanandipatse mbale kapena nsalu. Anandimangira mtolo wa mitengo ya chinangwa cha m'munda mwawo, chija cha timapesi tofiira, nati, "Mwamuna akhoza kukugoneka ndi njala, ichi ayi. Koma munthu akakupempha mbewu usamumane."

M'basi ndinakhala mpando umodzi ndi mayi wina wa ku Zolozolo. Mtolowo unamubaya mwendo msewu wonse wokhotakhota uja. Potsika anati, "Mwandibaya chomene, amama. Mundipepese ndi mitengo ingapo." Tinaseka, ine ndi kusolola, iye ndi kumanga pa chitenje. Tinayenderana zaka zoyambazo, kenaka ana ndi maliro zinatitanganitsa mpaka tinatayana.

Ife tinakhala ku Ching'ambo, nyumba zili apo ndi apo, m'mawa nkhungu ikuphimba dambo lonse. Chinangwacho chinakonda dothi lake. Ukachiviika chinkafewa msanga, ndipo kondowole wake, nsima yathu ya chinangwa ija, ankanunkhira ngati kukhitchini kwa amayi. Ndinagawira aliyense wopempha. Amayi atamwalira, abale kumudzi analima mbewu zatsopano m'munda muja. Amuna anga nawo anatsogola. Chotsala cha kwathu chinali kamunda kanga kuseri kwa nyumba.

Chaka china masamba anayamba kuchita mawanga achikasu. Ine ndinkati ndi kuzizira. Mpongozi wangayu ndi mphunzitsi, kwawo ndi kumwera, ndipo kondowole amadya mongondilemekeza. Tsiku lina anatuluka ndi foni, natembenuza tsamba, nalozetsa diso la foniyo pamenepo monga amachitira pojambula mwana.

"Amayi, ikuti ndi matenda. Akuti amaoletsa chinangwa m'kati."

"Foniyo inalimapo liti?"

"Sinalimepo, koma anaionetsa masamba ambiri kuposa amene inu ndi ine tinathyolapo."

"Ndiye uifunse ngati imadziwa kusinja chigwada."

Anaseka, koma anakatenga khasu. Tinakumba phata limodzi ndi kuthyola. M'kati munali mizere yakuda, youma ngati chikuni. Tinayenda mzere ndi mzere, iye akuloza, foni ikuyankha, ndipo panalibe phata limene inalikhululukira. Mpongozi anandiuza mofatsa kuti tiyenera kuzula chonse ndi kutentha, ndipo sitingasunge ngakhale mtengo umodzi wobzala, chifukwa matendawo amayenda mu mtengo momwemo.

Mwana wanga anati, "Amama, ndikakupezerani mbewu yatsopano yosadwala." Ndinamuyang'ana. Iye ankaona chinangwa, ine ndinkaona manja a amayi akumanga mtolo ndi luzi.

Amene anandimvetsa ndi mpongozi. Anati, "Si munkagawira anthu? Tiyeni tikachifune kumene chinapita."

Tinayamba ndi aneba. Chawo chinali chodwala ngati changa. Ku Salisbury Lines, kumene ndinapatsa mnzanga wa kumpingo, tinapeza pamunda paja pali nyumba za lendi ndi mpanda wa njerwa. Kwina anthu ankatidabwa, nkhalamba ndi mayi wovala bwino akujambula masamba kuseri kwa bafa. Bambo wina anafunsa ngati ndife a boma. Ndinati, "Boma lake lovala patapata?"

Kenaka ndinakumbukira mayi wa m'basi uja. Tinakwera kabaza mpaka ku Zolozolo, koma Zolozolo amene ndinkamudziwa kunalibe. Mtengo wa mapeyala umene ndinkakhotera unadulidwa, njira zinachuluka. Ndinkafunsa potchula dzina la mwana wake woyamba, monga tinkaitanirana kale, mpaka mayi wogulitsa makala anatilozera.

Amene anatilandira ndi mwana wakeyo, tsopano mayi wa imvi zake. Amake anali atamwalira. Tinakhala pansi, ndinapepesa maliro amene sindinawamve, ndipo pokhapokha ndinanena chimene tinadzera. Anatitengera kuseri. M'mphepete mwa mpanda munali chinangwa chataliatali, chimene ankangothyolako ndiwo. Ndinaona timapesi tofiira tija.

Mpongozi anayamba kuloza. Ine ndinayang'ana kumbali, sindinafune kuona nkhope yake. Chinangwa cha kumsewu foni inachikana, inati ndi chodwala. Inakananso chotsatira. Atafika pakona, kuseri kwa khola la nkhuku, anatenga nthawi yaitali akutembenuza tsamba ili ndi ilo.

"Amayi, apa ikuti palibe kanthu."

"Uifunsenso. Mwina yatopa."

Anaifunsanso, ndipo tinakumba phata limodzi kuti maso athunso aone. M'kati munali mbee.

Mwini nyumba anatenga chikwanje yekha. Podula anati, "Amama ankanena kuti chinangwa ichi ndi cha mlendo wa m'basi, akadzabwera tisamumane." Ine ndinathokoza, ndinati yewo.

Chakale chija tinazula ndi kutentha, ndipo tsiku limenelo sindinadye. Chatsopanocho tinabzala pa malo ena, kutali ndi pakale.

Mwana wanga mpaka lero amati mbewu yake ikadabereka kwambiri, mwina sanama. Mwana wa malemu wa ku Zolozolo uja anazula chodwala chake, ndipo chaka chotsatira ndinamubwezera mitengo. Bambo wotiyesa a boma uja anabwera kudzapempha, ndinamupatsa. Mpongozi amayendabe m'mundamo ndi foni yake mvula ikayamba, ndipo kondowole tsopano amawonjezera yekha. Ine maso achita mdima, masamba sindiwaonanso bwino, koma ndikagwira phesi ndimadziwa kuti ndi lomwe lija.