Mawaya Achikasu ndi Akuda

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi chaka chomwe makuponi a feteleza anatiphonya kwathu kwa Kaomba. Fodya anakana, chimanga nachonso chinangoima ngati udzu. Bambo anagamula kuti achimwene anga, a Yona, apite ku esiteti akalowe utenanti. Ine ndinalira, chifukwa ndinkadziwa mmene anthu amabwererako: owonda, manja ali m'khosi.

A Yona anali ndi maganizo ena. Anagwirapo ganyu pashopu ya makompyuta ku Lilongwe, ndipo anabwerako ndi katoni ya zipangizo zakale. Ankafuna kulumikiza kompyuta yoti azitayipira anthu makalata ndi kujambula nyimbo pa Boma.

"Ikapanda kuyaka Loweruka, Lolemba ukunyamuka," anatero bambo. Mphasa ndi kapoto ka a Yona anamangiratu panjinga, kuti tisayese nthabwala.

Loweruka lake tinapita tonse pa Kasungu ndi njinga ija, m'kachipinda kamagetsi komwe azakhali anatibwereka. Munali mdima, mukununkha fumbi ndi palafini. Ntchito yanga inali kulowetsa manja mopanikiza, poti zala za a Yona zinali ngati chinangwa. Zonse zinalowa bwino, kupatula pulagi imodzi ya mano anayi yopititsa magetsi ku pulosesa, ubongo wa kompyuta. Ndinaitembenuza uku ndi uku, koma inakana.

A Yona anatuluka thukuta. Anatulutsa lezala m'thumba. "Bweretsa ndiiseme m'mbali, ilowa basi."

Mayi anali chikhalire pakhomo. Za kompyuta sankadziwa n'pang'ono pomwe, koma anali atasankha fodya moyo wawo wonse.

"Yona, unaonapo ine ndikusankhira fodya mumdima?" anafunsa. "Tulutsani panja chinthucho. Chikukana chili ndi chifukwa."

Tinachinyamulira pakhonde, a Yona akung'ung'udza. Padzuwa ndinaona kuti mawaya a pulagi ija anali a mitundu inayi: wofiira, wachikasu, wakuda ndi wina wonga lalanje. Nditawawerengera mokweza, a Yona anagwetsa lezala.

"Ayi, si imeneyo. Ya pulosesa imakhala ndi achikasu awiri ndi akuda awiri. Iyi ndi nthuli ya pulagi ina yaikulu, yopititsa magetsi kwina. Tikanaotcha zonse."

Ndinapisa dzanja mumtolo wa mawaya womwe unali womangidwa ndi labala, ndipo pansi penipeni ndinaipeza. Achikasu awiri, akuda awiri. Nditaiyika pamalo pake inangoti khethe, osalimbana nayo.

Tinabwerera m'kati. A Yona anandiuza kuti ndidine batani ndine. Fani inazungulira, kompyuta inalira kamodzi, zilembo zoyera n'kuonekera pagalasi. Mayi analuluta mpaka akabaza anaima pamsewu. Ine ndinavina, ndipo sindichita manyazi kunena kuti chimwemwe chonga chimenecho sindinachimvenso ngakhale tsiku la ukwati wanga.

Bambo anangotuluka. Anakamasula mphasa ndi kapoto panjinga paja, n'kupatsa mayi kuti asenze pobwerera.

Lero shopuyo timayendetsa awiri, ine ndi a Yona, ndipo makompyuta ambiri ndimalumikiza ndine. Ndinadzazindikira kuti chinthu chikamakana kulowa, nthawi zambiri chimakhala chikukupulumutsa. Lezala ija tinaikhomerera pakhoma, pamwamba pa tebulo, ndipo tebulolo lili pawindo.