Kamfundo ka kumsana kwa bambo

Linali botolo la mafuta a nsatsi, lotsekedwa ndi chitsononkho, ndipo linkakhala pawindo m'nyumba ya amalume ku Mzimba boma. Fungo lake ndimalidziwa mpaka lero, ndipo sindilikonda.

Chaka chimenecho ndinali ndi zaka khumi. Bambo ankacheka matabwa m'nkhalango ya paini ku Viphya, kumene tinapita kuchokera kwathu ku Ntcheu ine ndili kumsana. Mkono wawo wamanja unayamba kupweteka pang'onopang'ono. Ululu unkachoka paphewa n'kutsika mpaka kuzala, ndipo nthawi ya chisanu itafika sankathanso kukoka sowo. Akapitawo anawapatsa milungu itatu. Akabwerera mkono uli chomwecho, malo awo apatsa wina, ndipo nyumba ya kukampu tituluke. Ndiye tinapita kukakhala kwa amalume ku Mzimba kuti bambo akapeze chithandizo.

Ndikukumbuka titafika pachipata cha msika, anyamata ofunsa makhadi a chipani atatiimitsa. Bambo analephera kukweza dzanja kufika m'thumba la pachifuwa. Mayi ndi amene anawatulutsira khadilo, anthu akuyang'ana. Ndinachita manyazi, ndipo manyaziwo ndimachita nawo manyazi tsopano.

Mapiritsi a kuchipatala anangowagonetsa tulo. Amalume, munthu wosachedwa kudziwa zonse, anabwera ndi lumo n'kuwatema mphini mkono wonse, poti paululu ndi pomwepo. Mkono unangowonjezera zilonda.

Kenako mayi anamva za mzimayi wina wa ku Embangweni amene ankatikita anthu. Anabwera masana, wamfupi, zala zokhuthala. Mphini zija anangoziyang'ana n'kupukusa mutu. Mkonowo sanaukhudze n'komwe. Anawagoneka bambo chafufumimba pamphasa, n'kuwapaka mafuta kumsana, n'kumafufuza ndi chala chachikulu pansi pa phewa ngati munthu wosankha miyala mumpunga. Atapeza pamene ankafuna anakanikiza. Bambo anakuwa. Ndinali ndisanamvepo mawu otere akuchoka mwa iwo. Anati ululu wathamanga mpaka kuchala chaching'ono.

Mzimayiyo anati muzu wa matenda ndi umenewo: mnofu wamanga mfundo, mkono ukungolira maliro a eni. Pankafunika kukanikiza tsiku lililonse. Iye kwawo kunali kutali, mayi anali ndi pakati potopa, osatha kugwada, amalume ankakhala kuntchito. Ndiye mzimayiyo anagwira chala changa n'kuchiika pomwepo. Kanali kamfundo kolimba, kangati nyemba pansi pa chikopa.

"Apa, mwana wane. Ndi chigongono, ukanikize chomene, uwerenge mpaka makumi atatu. Adada ako akalira, mbwenu wapeza. Usaleke."

Tsiku loyamba ndinachita monga anandiuzira. Bambo analuma nsalu, mwendo ukugunda pansi, thukuta lili kamukamu m'chisanu chonsecho. Nditafika makumi atatu ndinathamangira kuseri kwa nyumba n'kukasanza. Kusanache ndinali nditaganiza kale zochita.

Kuyambira pamenepo, ndikaweruka kusukulu, ndinkapaka mafuta bwinobwino, n'kuika chigongono pambali pang'ono pa kamfundo kaja, pofewa. Ndinkawerenga mokweza kuti mayi, amene ankasenda mbatata pakhomo, amve. Bambo sankakuwanso. Ankangopuma mozama, ndipo ndikamaliza ankati, "Lero kwapepuka, mwanangu. Manja ako ndi abwino." Ine mtima unkakhala m'malo. Ndinkadziona wochenjera ndiponso wachifundo, zinthu ziwiri zimene mwana wa zaka khumi sayenera kukhala nazo nthawi imodzi.

Aphunzitsi anandifunsa tsiku lina chifukwa chake yunifolomu yanga inkanunkha nsatsi. Ndinayankha monyada kuti ndikuchiza bambo anga.

Milungu itatu inatha. Bambo anakwera lole kubwerera ku Viphya, ndipo patapita masiku anayi anabwera ndi katundu wathu yense: mphasa ziwiri, ndowa, wailesi. Sowo inawapulumuka m'manja tsiku lachiwiri, akapitawo akuona. Mayi analira mwakachetechete, akupinda zovala. Mwezi wotsatira tinali pabasi ya ku Ntcheu, ndipo bambo sanagwirenso ntchito yolembedwa moyo wawo wonse.

Sindikudziwa ngati akanachira ndikanakanikiza pamalo pake. Ndafunsapo odziwa za minofu. Ena amati mwina, ena amati milungu itatu inali yochepa. Zimenezo ndinasiya kuzisinkhasinkha. Chimene chimandipweteka n'china.

Pabasi paja ndinakhala pafupi nawo, nditatsamira mkono wawo wabwino, chinsinsi changa chikundilemera, ndikupemphera kuti asadzachidziwe. Sindinkadziwa kuti munthu sungamunamize za pamene pakumupweteka. Msanawo unali wawo. Tsiku lililonse ankamva chigongono changa chikutera pambali, ndipo ankadziwa kuti ntchito ikupita. Koma anali atandimva ndikusanza kuseri kwa nyumba, ndipo anasankha kukhala chete.