Miyezi imene mng'ono wawo anagwira simbi

Seveni koloko isanakwane, a Kolala anali atasita kale mulu woyamba wa nsalu zoyala pabedi. Kuno kochapira zovala za m'mahotela timawatchula choncho chifukwa kolala ya malaya akaisita iwo imachita kuima yokha. Koma m'mawa umenewu simbi inkawalemera. Zala zawo zinatupa kalekale ndi kutentha, ndipo adokotala anawauza kuti apume ntchito chaka chino chisanathe.

Kupumako sikunkawaopsa. Analowa ntchito muno mwana wawo woyamba ali kumbuyo, pano mwanayo ali ndi ndevu. Ankadziwa kuti wopuma amalandira ndalama yotsanzikira molingana ndi zaka zimene wagwira, ndipo ankafuna kukhomera malata nyumba yawo, imene mvula ikagwa amachita kusuntha bedi.

Masiku angapo m'mbuyomo anawaitana ku ofesi. Abwana atsopano, mayi aulemu ndithu, anawauza kuti zaka zawo aziwerenga kuyambira pamene anabwerera kuchokera kodwazika amuna awo. Zam'mbuyo zonse sizilowa.

"Kubwerera? Ine ndinachoka liti?" anafunsa a Kolala.

"Munasowa miyezi yambiri, mayi. Kuno zikuoneka kuti munasiya ntchito, kenako munalembedwanso. Chikanakhala tchuthi chovomerezeka, bwenzi tikungochotsapo miyezi yokhayo basi."

Vuto linayambira pa kachitidwe kathu ka muno. Munthu akagwa m'mavuto sasiya tebulo lake lili lokha, amatumiza m'bale wake kuti azimugwirira. Amuna awo atadwala matenda ofa ziwalo, a Kolala anatumiza mng'ono wawo. Akapitawo a nthawi imeneyo anangoti, "Pitani mukasamale bambo, tebulo silithawa." Mng'onoyo ankasita, mwezi ukatha n'kumagawana malipiro ndi akulu ake. Kwa a Kolala, simbi yawo sinazizirepo, ndiye ntchito ikanaduka bwanji? Sanadziwe kuti akapitawo anachotsa dzina lawo n'kuikapo la mng'onoyo kuti malipiro azituluka popanda mafunso.

"A Kolala, ndamva kuti mwasanduka mwana wadzulo," anakuwa bambo woyendetsa makina ochapira m'mawa umenewu. "Ndiye kuti mkulu wanu ndine. Kanditungireni madzi akumwa!"

"Choka iwe! Unabwera muno ukuthawa thovu, ndinakuphunzitsa ndine kutsegula chitseko cha makinawo."

Tonse tinaseka, iwonso anayesa kuseka. Posakhalitsa tinamva fungo la nsalu yopserera. Anali ataiwala simbi pa pilo, zimene sanachitepo chiyambire. Anainyamula piloyo, kuiyang'ana, n'kukhala pansi pa dengu la zochapa.

Abwana aja sanatsekeretu khomo. Anati akapitawo akale akabwera kudzanena ndi pakamwa pawo kuti anawalola a Kolala kupita, nkhaniyo aitengera kwa akuluakulu. Koma akapitawowo anapuma kalekale, ndipo akuopa. Akavomera, zidziwika kuti ankasintha mayina osauza aliyense. A Kolala apitako kale kunyumba kwawo. Ulendo woyamba anauzidwa kuti agona. Ulendo wina anamva okha kutsokomola kuchipinda, akunenedwa kuti achokapo.

Sanawatukwane. Amati munthuyo anawachitira chifundo nthawi imene panalibe wina wowamvera, ndipo chifundo chomwecho ndi chimene chawadyera zaka.

Akapitawowo ndi apongozi anga, bambo a amuna anga. A Kolala akudziwa zimenezi, koma sanazitchulepo mpaka masana a tsikuli, ndikuyamwitsa mwana kuseri kwa zingwe zoyanikira. Anafika akupukuta manja pa epuloni, n'kugwada pafupi nane, munthu wamkulu ngati mayi anga.

"Mwana wanga, sindikuti ukawakalipire, ayi. Lamlungu ukamapita kukawaona unditengeko. Pakhomo undipatse mwanayu ndimunyamule ine. Munthu wanyamula mdzukulu wawo sangamubweze panja."