Disiki ya Maliro a Agogo

Agogo aamuna atamwalira ku Ntcheu, azakhali sanathe kupita kumaliro. Pasipoti yawo inali ku Croydon, kumaofesi oona za anthu olowa m'dziko, ndipo inali isanabwerere. Ine ndinali nditangotha miyezi isanu ndikukhala nawo m'fulati yawo ku Woolwich, ndikutsuka mbale kunyumba yosamalira okalamba. Amene anayendetsa maliro kumudzi anali bambo anga, mlongo wawo wa azakhaliwo. Awiriwa sankalankhulana bwino, chifukwa azakhali ankati bambo anachedwa kupita nawo agogo kuchipatala.

Mng'ono wanga anatumiza tizidutswa ta kanema tomwe anajambula pa foni. Azakhali anakana kutiona.

"Bambo anga sindingawaike m'manda pa kafoni," anatero. "Uike pa disiki. Loweruka kukubwera anthu a kutchalitchi kudzapepesa, tidzaonere limodzi pa TV."

Ndinavomera msanga ngakhale ndinali ndisanapangepo. Kusukulu kwathu kompyuta inalipo imodzi, mu ofesi ya ahedi, ndipo tinkangoiona pawindo. Choncho pa laputopu ya azakhali ndinkawerenga chilichonse kawiri ndisanadine. Pulogalamu yake inandifunsa kuti ndisankhe pakati pa PAL ndi NTSC. Nditafufuza ndinapeza kuti PAL ndi ya kuno ku England, inayo ndi ya ku America. Ndinasankha ya kuno, ndikudziyamikira kuti sindinapupulume.

Lachinayi masana tinayesa disikiyo, awiriwiri. Poyamba zinali bwino, chifukwa anthu anali atakhala pansi akumvera ulaliki. Koma adzukulu atanyamula bokosi, chithunzi chinayamba kudumphadumpha. Chinkaima kanthawi kenako n'kulumphira patsogolo. Pofika kumanda bokosi silinkatsika bwino pa zingwe. Linkaoneka ngati laima m'malere, kenako lagwa, laimanso, lagwanso. Pambali pake panali bambo anga, dzanja lili m'mwamba.

Azakhali anaika kapu ya tiyi pansi.

"Ukuona? Akuwaponya ngati thumba la chimanga, bambo ako ali pomwepo akuwafulumizitsa."

"Mwina ndi disikiyo, azakhali. Pa foni sizikutero."

"Pa kafoni chilichonse chimaoneka bwino. Ukumuikira kumbuyo chifukwa ndi bambo ako." Anavala nsapato zawo zogwirira ntchito kuchipatala. "Loweruka anthu adzaone okha. Akatero ndimuimbira pamaso pawo, amve zimene ndakhala ndikumusungira."

Atapita kushifiti ndinabweza kanemayo pamalo aja. Ndinaphimba bokosi ndi chikhatho n'kumayang'ana zina. Amayi a kwaya nawonso ankadumpha. Njinga yomwe inkadutsa kutali pamsewu inkaima ndi kulumpha nthawi yomweyomweyo. Mtima unakhala pansi kuti bambo sanalakwe, koma unakweranso, chifukwa wolakwa ndinali ine ndipo sindinkadziwa pamene ndinalakwitsa. Ndinapanganso disiki ina mosamala kwambiri, ndikutsata ndondomeko yomwe ija. Inatuluka chimodzimodzi.

Lachisanu nditaweruka ndinapita kumsika, komwe kunali bambo wina wa ku Zambia wokonza mafoni. Ndinadutsa pakabenchi kake kawiri ndisanalimbe mtima. Anamvetsera akumasula foni ya munthu wina, kenako anatenga yanga n'kutsegula kachidutswa kamodzi.

"Mufana, ona apa. Foni yajambula mapikicha sate pa sekondi. Iwe na PAL yako waika pa twente-faifi. Manje faifi yasala uganiza yayenda kuti?"

"Sindikudziwa, bambo."

"Yataiwa mu bini. Ndiye chifukwa chake ilumpha. Elo mafoni aya sayenda sipidi imodzi, pena athamanga, pena achedwa. Yamba wauza pulogalamu iike vonse pa sipidi imodzi yosasintha. Ukasiliza usankhe NTSC, ndiye ya sate."

"Koma si ya ku America imeneyo?"

Anaseka. "Makina ya anti ako siifunsa viza. Yambiri ya kuno iwerenga zonse ziwiri."

Mawu oti "yambiri" aja ndi amene ndinapita nawo kunyumba. Makina a azakhali oonetsera madisiki anali akalekale, ndipo rimoti yake inali yomangidwa ndi selotepi. Bwanji ngati anali m'gulu la ochepa osawerengawo?

Loweruka m'mawa ndinakonza tizidutswa tonse kamodzikamodzi, kuti kalikonse kaziyenda liwiro limodzi. Laputopu inkachedwa ndiponso kutentha. Alendo anali oti afike thu koloko. Azakhali ankadutsa ndi mipando kuchokera kwa aneba, osandiyang'ana. Ndinadina NTSC ngati ndikusaina chinthu chomwe sindinawerenge.

Disiki inatuluka wani koloko itadutsa. Ndinawapeza azakhali akusita chitenje.

"Azakhali, ndimapempha muonenso anthu asanafike."

"Ndinaona kale."

"Ndakonza pena pake. Chonde, kamodzi kokha."

Anabwera n'kungoimirira, chitenje chili paphewa. Makina analira, TV inada, ndipo pakona panalembedwa kuti ikuwerenga. Inawerenga nthawi yaitali. Ndinkamva basi ikuima pansi pamsewu, ikunyamukanso. Kenako mitengo ya kumanda inaoneka.

Ndinapititsa mpaka pa zingwe paja. Bokosi linatsika bwinobwino, osagwedezeka. Dzanja la bambo nalonso linaoneka zomwe linkachita: linkatsika pang'onopang'ono, kuwauza adzukulu kuti afatse. Mbali ya kumutu itapendekeka pang'ono, bambo anagwada pa dothi lofiira lija n'kugwira nawo chingwe.

Azakhali anakhala pampando.

"Bweza."

Ndinabweza. Anaonanso mpaka pamene bambo anadzuka, mawondo a thalauza lawo la tchalitchi ali dothi lokhalokha.

"Ndiye ija inali chiyani?"

"Ndinalakwitsa ndine. Ndinasankha zomwe zinkataya zithunzi zina."

Ndinadikira kukalipiridwa. Iwo anangotulutsa mpweya.

"Waonda," anatero, akuyang'anabe pa TV. "Bwanji sunandiuze kuti mlongo wanga waonda chonchi?"

Belu la pakhomo linalira, alendo oyamba anali atafika nthawi isanakwane. Ndinaimirira kuti ndikatsegule, koma azakhali anandigwira mkono.

"Madisiki awiri oyamba aja ali kuti?"

"M'chipinda mwanga."

"Uwathyole. Wina angadzawaone." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Katsegule. Uwauze akhale kaye, ine ndikuimba foni kumudzi."

Ndikulandira majekete a alendo pakhomo, ndinawamva azakhali kuchipinda akulankhula ndi bambo pa foni motsitsa mawu. Ankafunsa ngati mvula yayamba, ndiponso ngati bondo la bambo likuwavutitsabe.